Musanakwere ku Nyika ndi nyumba yanu ya matayala

Adzukulu anga, minibasi yanu ndaiona. Loweruka lapitali, pochokera kumaliro ku Kawale, ndinadzera pagalaja paja kuseri kwa msika wa Mchesi, ndipo ndinaipeza itakwezedwa pamiyala, mipando yam'mbuyo itazulidwa, mmisiri wa matabwa ali chogwada m'katimo akukhoma bedi. Owotcherera anali atangomaliza keriya ya padenga, utoto usanaume. Mmodzi wa inu anandionetsa pafoni zithunzi za magalimoto aja a alendo okhala ndi bedi, pophikira ndi posambira m'kati momwemo, amene timawaona akudutsa kuchokera ku South Africa kulowera ku Tanzania, n'kunena kuti, "Agogo, yathunso ikhala chonchi, tikagona nayo ku Nyika." Pamalo paja panali phokoso la nyundo ndi makina odulira zitsulo, sitikanamvana. N'chifukwa chake ndakhala pansi kuti ndilembe.

Musayembekezere kuti ndikuletsani. Pitani. Zaka zimene ndinagwira chiwongolero mumsewu wa kumpoto, ndikunyamula alendo ndi katundu, ndinakwera ku Nyika kambirimbiri, ndipo chimene chinkandiwawa n'chakuti Amalawi amene ndinkawapeza pamwamba paja anali ophika, oyala mabedi, alonda a nyama ndi madalaivala anzanga. Wobwera kudzangoona dziko lake ankachita kuwerengeka ndi zala. Mnyamata wa pa Mchesi amadziwa tsiku limene basi ya ku Joni imanyamuka ndi mtengo wake womwe, koma mukam'funsa kumene kuli Bolero amangoyang'ana kumwamba. Chikhalirecho pachipata cha paki Mmalawi amalipira ndalama yochepa kwambiri poyerekeza ndi mlendo wakunja, bola aonetse chitupa cha unzika. Ndiye mtima wanga uli nanu. Chimene ndikufuna n'chakuti mukabwere nonse, ndi galimoto yomwe.

Nyumba ya matayala imanyenga mwini wake. Ikaima pano pamalo athyathyathya imaoneka ngati ingameze chilichonse, ndipo imakuuzani mumtima kuti popeza pogona ndi pophikira muli napo, simudzafuna munthu. Zonse ziwirizi phiri limazikana. Tiyambe ndi kulemera. Ndinagogoda bedi lija, ndinamva kuti ndi matabwa olimba, a mtundu wopangira zitseko. Muuzeni mmisiri achotse aike paini wopepuka. Simukumanga bedi loti adzagonepo zidzukulu zanu. Madzi nawo amalemera kuposa mmene amaonekera: lita imodzi ndi kilogalamu imodzi, choncho zigubu zisanu za malita 20 ndi makilogalamu 100, ngati mwakweza munthu wina wamkulu ndi mwana wake. Ku Nyika madzi aliko ambiri, ozizira ndi oyera, ongofunika kuwiritsa kapena kuthira mankhwala. Zigubu ziwiri zakwana. Zolemera zonse, monga madzi, ufa, zitsulo ndi batire, zikhale pansi, pakati pa matayala akutsogolo ndi am'mbuyo, zomangidwa ndi zingwe. Padenga pakhale matiresi, tenti ndi zofunda basi. Minibasi ndi yaitali kale msinkhu; mukaisenzetsa zolemera pamutu, pakona yopendekeka imafuna kugona chammbali, ndipo dalaivala amazindikira zitachitika kale.

Ndinenenso mosabisa za galimotoyo. Msewu wa ku Nyika ndi wa galimoto yotalika miyendo, makamaka yokoka ndi matayala onse anayi. Yanu imakoka ndi am'mbuyo okha, ndipo mimba yake ili pafupi ndi dothi. M'chilimwe, msewu utauma, ndi dalaivala wodekha, ikhoza kukwera. Dzinja musayerekeze. Kumpoto mvula imachedwa kutha, nthawi zina mpaka April kapena May, ndipo dothi lake likanyowa limaterera ngati sopo. Mukafika pa Rumphi funsani madalaivala amene atsika kumene sabata yomweyo. Akakuuzani kuti pena pakumbika, amvereni, musiye minibasi pamalo otetezeka ndi kupeza galimoto yoyenera. Safunsa anadya phula.

Ku galaja musathere ndalama pa makatani ndi nyali zamitundumitundu mabuleki asanaonedwe. Makaniko atsegule matayala onse anayi inu mukuona, ayang'ane mapadi, ndipo akhuthule mafuta akale a mabuleki n'kuthira atsopano. Mafuta amenewa akakhalitsa amayamwa chinyezi, ndipo pamtsetse wautali akatentha amawira. Mukaponda, phazi limangofika pansi ngati mwaponda siponji. Rediyeta itsukidwe, mapaipi ake afinyidwe ndi dzanja kuti muone ngati afewa kapena ang'ambika, fanibeluti yatsopano ilowe, yakaleyo muisunge pansi pa mpando. Za matayala ndikudziwa kuti mukagula ogwiritsidwa kale ku Biwi kapena ku Malangalanga, poti atsopano mtengo wake ndi wosayamba. Palibe cholakwa, koma phunzirani kuwerenga. M'mbali mwa tayala muli manambala anayi otsekeredwa m'kabwalo: awiri oyamba ndi sabata, awiri omaliza ndi chaka chimene linapangidwa. Tayala likhoza kukhala ndi mano abwino koma lili lokalamba, ndipo lokalamba limaphulika pamwala. Sipeya zikhale ziwiri, pampu ya manja kapena ya phazi, jeke, ndi thabwa lochindikala loika pansi pa jeke, pakuti padothi lofewa jeke amamira m'malo mokweza. Khasu, chingwe chokokera ndi chozimitsira moto musaziiwale.

Pali china chimene achinyamata sachiganizira. Mwazula mipando, ndiye kuti galimoto yasiyana ndi mmene inalembedwera m'mabuku. Pitani ku Road Traffic mukafunse musananyamuke, COF ndi inshuwalansi zikhale zamoyo, kuti pa rodibuloko ya pa Jenda musakataye theka la tsiku mukufotokoza. Ndipo galimoto ikamayenda aliyense akhale pampando womangidwa ndi mabawuti, lamba ali m'chiuno. Bedi ndi logonapo galimoto itaima. Munthu wogona chagada m'galimoto yothamanga, dalaivala akaponda buleki mwadzidzidzi, amauluka ngati thumba la chimanga.

Zonsezi zikatha, musayambire ku Nyika. Pakirani katundu yense monga mmene mudzapakirire tsikulo, mupite ku Dedza, makilomita osapitirira 90 kuchokera pano, mukagone usiku umodzi m'galimotomo. Dedza ndi kozizira ndithu ndipo kuli zitunda. Kumeneko mudzadziwa chitseko chimene chimalowetsa mphepo, bawuti imene imamasuka, ndiponso mnzanu amene amakwiya akagona ndi njala. Ndi bwino kuzidziwa zimenezi muli pafupi ndi kwanu.

Tsopano msewu. Kuchoka ku Lilongwe kufika ku Mzuzu ndi makilomita oposa 350, ndipo limenelo ndi tsiku lathunthu, musaonjezerepo. Nyamukani kukungoyera. Lumbadzi, Mponela, Madisi, Kasungu, Nkhamenya, konseko n'kwachidikha, chovuta ndi njinga, ngolo, mbuzi ndi masiku a msika. Pa Jenda gulani tomato, anyezi ndi mbatata. Mukadutsa pamenepo msewu umayamba kukwera mapiri a Viphya, ndipo mumalowa ku Chikangawa, nkhalango ya paini yobzalidwa ndi manja a anthu pamalo okwana mahekitala 53,000. Ine ndinaiona ili yakuda bii mbali zonse ziwiri za msewu, fungo la utomoni likulowa pazenera. Lero mudzaona zitsa ndi mapiri ometedwa m'malo ambiri, chifukwa cha macheka ndi moto, ndipo ndikufuna muyang'anitsitse, pakuti matabwa ambiri amene amisiri athu a pa Mchesi akhala akukhoma nawo mipando ndi mabokosi achokera kumeneko. Ku Chikangawa chifunga chimatsika nthawi iliyonse, ngakhale masana, moti galimoto yakutsogolo imazimirira uku mukuimva kulira. Yatsani nyali, chepetsani liwiro, musapitirire mnzanu. Mukaona nthambi zamasamba zitaikidwa mumsewu, dziwani kuti kutsogolo kuli lole yofa, mwina pakona penipeni. Msewu umenewu usiku si wanu. Kagoneni ku Mzuzu dzuwa likadalipo.

M'mawa mwake mudutsa Ekwendeni ndi Enukweni, n'kusiya msewu waukulu cha ku Bwengu, kuwoloka mtsinje wa South Rukuru pa Njakwa pamene madzi anang'amba phiri, n'kulowa m'tauni ya Rumphi. Apa ndi pamene muyenera kukhala pansi ndi pepala ndi pensulo. Rumphi ndi malo omaliza amene mungadalire kupeza mafuta, makaniko, chipatala chachikulu ndi netiweki yosadukaduka. Kuchoka apo kufika ku Chelinda, kumene kuli malo ogona ndi omangapo matenti, ndi makilomita pafupifupi 110. Kubwerera ndi enanso 110. Kuzungulira pamwamba paja kuona nyama, ikani 100. Onse pamodzi 320. Ngati pa phula minibasi yanu imayenda makilomita 10 pa lita, kuphiri muwerengere 6, chifukwa mudzakhala mu giya yoyamba ndi yachiwiri nthawi yaitali, injini ikulira kwambiri koma mtunda ukuchepa pang'onopang'ono. Zikupatsani malita oposa 50. Dzazani thanki mpaka pakamwa, ndipo mukhale ndi ena apadera m'chigubu chachitsulo chomangidwa kunja, kutali ndi pogona ndi pophikira. Ife amene tinagona pamizere ya mafuta mu 2011 ndi 2012, n'kudzagonanso zaka zaposachedwapa, sitidutsa pampu yokhala ndi mafuta tikuti tikathira kutsogolo. Thirani pa Kasungu, thirani pa Mzuzu, thirani pa Rumphi. Nthawi ya kusowa kugulira m'zigubu kumakhala ndi malamulo ake, ndiye funsani musanafike tsikulo.

Ndalama nazo zikhale zogwirika m'manja. Mpamba ndi Airtel Money n'zabwino kumene foni ikugwira, koma pamwamba paja mukhoza kukhala masiku awiri foni ili ngati mwala. Sankhani msungichuma mmodzi, ndipo ndalama ya mafuta obwerera ndi ya ngozi muikulunge payokha, isakhudzidwe ngakhale wina atadandaula bwanji. Musanachoke pa Rumphi imbani kunyumba, munene tsiku limene mudzatsike, kuti likadutsa osamva mawu anu adziwe poyambira kufunsa.

Pa Rumphi muchoke isanakwane 10 koloko m'mawa. Mudutsa Bolero, kwa Themba la Mathemba Chikulamayembe, kumene Atumbuka amachitira mwambo wa Gonapamuhanya chaka ndi chaka. Kupitirira apo muyembekezere fumbi, miyala, ndi msewu wa mizeremizere ngati lata, umene umagwedeza galimoto mpaka mano kuluma lilime. Mayendedwe otere amamasula mabawuti, ndiye muziima pakapita ola, wina azungulire galimoto, agwire keriya, ayang'ane pansi ngati pakudontha kanthu. Mukafika pachipata cha Thazima musaombe m'manja kuti mwafika, mwangodula theka. Chipata chili ndi nthawi yake yotsekera, ndipo m'paki simuyenda usiku. Makilomita 110 amenewa akhoza kukudyerani maola anayi kapena asanu. Pokwera, diso la dalaivala lizibwerera pa singano ya kutentha kwa injini. Ikayamba kukwera, imani pamalo abwino, injini izilira pang'onopang'ono mpaka itsike, ndipo chivindikiro cha rediyeta musachitsegule ili yotentha. Ndaona nkhope za anthu zitasupuka ndi nthunzi. Mudzamvanso galimoto ikufooka ngati yadwala. Sinadwale ayi. Mpweya wa pamwamba ndi wopepuka, ndipo injini imapuma movutika monga mmene inunso mudzapumire mukathamanga pang'ono. Penapake msewu umayenda m'malire enieni a Malawi ndi Zambia, dzanja limodzi kwathu, linalo kwa anzathu.

Kenaka mitengo ya miombo ndi masuku imayamba kufupika, n'kutha, ndipo mumangoona mwatulukira pamwamba. Sindidziwa mmene ndingakuuzireni. Mapiri a udzu okhaokha, osalala ngati misana ya ng'ombe zogona, kutsatizana mpaka kumene maso alekera, m'zigwa muli timagulu ta nkhalango tobiriwira, mitambo ikuyenda pansi panu m'malo mwa pamwamba panu. Ulendo wanga woyamba ndinazimitsa injini n'kutsika, ndipo chimene ndinamva ndi mphepo yokha ikupeta udzu. Munthu wokulira pa Mchesi, pamene usiku wonse pamamveka wailesi ya wina, agalu ndi nyundo ya wofulumira kumaliza bokosi, kachetechete wotere amamulowa m'mafupa. Lilongwe ali pa mamita pafupifupi 1,050 kuchokera pamlingo wa nyanja yamchere. Chelinda ali pa mamita pafupifupi 2,300, ndipo nsonga ya Nganda imapitirira 2,600.

Kutalika kumeneko ndiko kumabweretsa chisanu, ndipo apa ndipempha kuti muwerenge mofatsa. Mwati mukufuna kupita pa tchuthi cha 6 July. June ndi July ndiyo miyezi imene ku Nyika udzu umadzuka utayera ngati wawazidwa ufa, ndipo madzi otsala m'ndowa panja amachita khungu louma pamwamba loti uthyole ndi chala. Galimoto ndi chitsulo, siisunga kutentha ngati nyumba ya njerwa. Pofika pakati pa usiku makoma ake amazizira n'kuyamba kudontha thukuta la mpweya wanu womwe. Chisanu chambiri chimalowera pansi, ndiye bulangete limodzi loyala pansi pa thupi limaposa awiri ofunda. Pitani kukaunjika ku Tsoka mukasankhe majekete ochindikala, zipewa zaubweya, masokosi ndi magolovesi, aliyense zake. Mukanandimvera, mukanasuntha ulendowu kufika September, pamene msewu uli wouma, chisanu chachepa, ndipo nyama zimaoneka bwino.

Koma kaya mupite liti, mbaula isalowe m'galimoto. Chaka china, mwezi wa July womwewu, ndinakwera ndi mnyamata wondithandiza, wamsinkhu wanu, wochokera kunyanja kotentha, amene chisanu chotere anali asanachionepo. Ine ndinagona mu tenti, iye anasankha kugona kumbuyo kwa galimoto kotsekedwa. Titamaliza kudya ndinamuuza kuti azimitse makala. Anavomera. Pakati pa usiku ndinadzuka kuti ndikataye madzi, ndipo ndinaona kuwala kofiira pagalasi lakumbuyo. Ndinagogoda, zii. Ndinaitana dzina lake katatu, zii. Nditatsegula chitseko ndinapeza mbaula ili pakona, makala akunyeka bwinobwino opanda utsi, mazenera onse atatsekedwa, mipata atatseka ndi nsanza, iye ali gone ngati wagona tulo tabwino. Ndinamukoka miyendo n'kumugoneka pa udzu wozizira uja. Thupi linali lolobodoka ngati chingwe. Ndinamugwedeza, ndinamuitana, ndinapemphera mokweza, ndikudziwa kuti chipatala cha Rumphi chili maola anayi kutsika phiri mumdima. Patapita nthawi imene kwa ine inali ngati chaka, anatsokomola, n'kusanza, n'kuyamba kulira kuti mutu ukung'ambika. Anachira. Ndikanachedwa kudzuka ndi ola limodzi, ndikanatsika phiri lija ndi mtembo wa mwana wa eni.

Makala akamanyeka pamalo otsekeka amatulutsa mpweya wa poizoni umene ulibe fungo, ulibe mtundu, sutsokomoletsa. Umalowa m'magazi n'kulanda malo a mpweya wabwino, ndipo munthu amangomva kutopa kokoma ndi tulo. Ndi womwewu umene umapha mabanja m'nyumba zathu za ku Mgona ndi ku Chinsapo nyengo yozizira. Sitovu ya gasi imachita chimodzimodzi, injini yosiyidwa ikulira kuti mutenthedwe imachitanso chimodzimodzi. Phikirani panja. Pogona siyani zenera limodzi lotsegula mpata wa zala ziwiri, ngakhale kuzizire chotani. Wofuna kutenthedwa athire madzi otentha m'botolo lolimba, alikulunge m'sokosi, aliike kumapazi.

Pa zophika, dziwani kuti pamwamba paja madzi amawira asanatenthe mokwanira, cha m'ma digiri 92 m'malo mwa 100, ndiye nyemba zouma zimatha makala osapsa. Tengani ufa, usipa, mazira, soya, mbatata, tiyi ndi shuga wokwanira, pakuti kozizira thupi limapempha kawiri. Moto muziusonkha pamalo okhawo amene ogwira ntchito akuonetsani, ndipo muziuzimitsa ndi madzi, osati kungoukwirira. Kuyambira August udzu umakhala wouma ngati pepala, mphepo siima, ndipo kanyenyeswa kamodzi ka moto kakhoza kunyeketsa mapiri amene simungawayende tsiku limodzi.

M'mawa mudzaona mbidzi, mphoyo, ntchefu zazikulu ngati ng'ombe, ndi chilembwe, nyama ya nkhope yolembedwa zakuda ndi zoyera imene anthu amachokera kutali kudzaiona kuno. Zimenezi musazithamangitse ndi galimoto pofuna chithunzi, ndipo musatuluke mumsewu kupondaponda udzu. Usiku kumayenda afisi. Nsapato, mapoto ndi zotsala za chakudya muzilowetsa m'kati. Anyalugwe aliko, njovu ziliko, ndipo mu 2017 anabweretsako zina 34 kuchokera ku Liwonde. Mukafuna kuyenda pansi, tengani mlonda wa paki. Chifukwa chachikulu si nyama ayi, koma nkhungu. Imabwera mwakamphindi, ndipo mapiri aja onse amafanana. Munthu amasochera galimoto ili pamtunda woti akanaitana n'kumveka. Maluwa otchuka a ku Nyika, a mtundu wa chinaka, amene aliko mitundu yoposa 200, amaphuka dzinja, cha mu January ndi February, nthawi imene minibasi yanu singakwere. Amenewo mudzawaona ulendo wina. Ndipo wina akadzakutsatsani tizinthu take tokumbidwa m'paki, kanani, chifukwa kukumba kumeneko ndiko kukuwatha.

Tsopano za anthu, zimene kwa ine n'zazikulu kuposa mabuleki. Nyika inakhala paki mu 1965, yoyamba m'dziko muno, ndipo mu 1978 anaikuza kufika pa masikweya kilomita oposa 3,000. Pokuza paja mabanja ambiri anasamutsidwa, kusiya minda, manda a makolo ndi malo awo opembedzera. Pamwamba paja pakadali zotsalira za ng'anjo zimene makolo awo ankasungunuliramo chitsulo, ndiponso kanyanja ka Kaulime kamene eni dera akhala akukalemekeza kuyambira kale. Midzi imene mudzadutse musanafike pa Thazima muli ana ndi zidzukulu za anthu amenewo. Inu mudzalowa ndi chitupa kukasangalala kumene agogo awo anatulutsidwa. Sindikunena izi kuti muchite manyazi, koma kuti mudziwe mmene mungayendere. Podutsa pamudzi chepetsani liwiro, fumbi lanu lisakwirire ufa woyanikidwa pamphasa. Masipika amene ndinawaona pansi pa bedi aja akhale chete. Phunzirani kupereka moni m'Chitumbuka: monire, muli uli, yewo, tawonga. Mawu anayi okhawa amatsegula nkhope ya munthu. Musanyamule zonse kuchokera m'masitolo a mu Lilongwe. Siyani malo ogulira uchi, nthochi, nkhuku ndi khofi kwa alimi a konko, ndipo musanenerere mpaka kumuliza mayi wogulitsa. Musajambule munthu musanam'pemphe.

Dzuwa likakulowerani panjira kunja kwa paki, musangokhota n'kuima patchire poti muli ndi nyumba yanuyanu. Malo alionse ali ndi mwini. Funsani kwa a mfumu, kapena kutchalitchi, kusukulu, kupolisi, munene kuti ndinu ndani, mukuchokera kuti, mukupempha pogoneka galimoto usiku umodzi. Sindinakanizidwepo. Nthawi zambiri ankandibweretsera madzi osamba otentha ndisanapemphe, ndipo tsiku limene galimoto inatitimira m'matope, anthu omwewo ndiwo anabwera ndi makasu ndi mapewa awo. Mukanyamuka, pamalopo pasatsale pepala, botolo kapena jumbo. Kumene kulibe chimbudzi kumbani ndi khasu, kutali ndi mtsinje, n'kukwirira. Madzi otsika ku Nyika ndiwo amamwa anthu a ku Rumphi ndi ku Karonga, ndipo mtsinje wa Wovwe umapukusa makina a magetsi.

Ndinaona mndandanda wanu: Nyika, Vwaza, Livingstonia, Karonga, Misuku, zonsezi masiku asanu. Mapanga awiri avumbwitsa. Masiku asanu ndi a Nyika yokha: awiri opita, awiri okhala, limodzi lalitali lobwerera, ndipo ngakhale limenelo ndikanakonda mulidule pawiri. Mukapeza sabata yathunthu ndi masiku ena awiri, onjezani malo amodzi. Mukasankha Vwaza, imene ili pafupi ndi msewu womwewo, mudzaona njovu ndi mvuu pa nyanja ya Kazuni, koma kumeneko n'kotentha, kuli udzudzu ndi kashembe, ntchentche yoluma imene imafalitsa kaodzera. Imakopeka ndi zovala zakuda ndi zabuluu, ndiye valani zotuwa za manja aatali, mugone m'masikito. Wina akadzatentha thupi mutabwerera, ngakhale patapita masabata, akauze adokotala kumene anali, asangomwa mankhwala a malungo n'kukhala.

Mukasankha Livingstonia, ndiye tikambe za kutsika, pakuti phiri limapha potsika kuposa pokwera. Lamulo lake ndi limodzi: giya imene munakwerera ndi imene mutsikire. Injini ndiyo igwire galimoto, buleki muzingoikhudza n'kuisiya. Kutsika mu fuli kuti musunge mafuta ndi kudzikumbira manda. Pa Chiweta, pamene msewu waukulu umatsetsereka kuchoka kumapiri kugwera kunyanja, mudzakumana ndi mathanki a mafuta ochokera ku Dar es Salaam ndi malole a malasha a ku Mchenga, ena akukwawa, ena atafa pakona. Mukamva fungo ngati la nsanza yopsa, ndi mabuleki anu. Imani pamalo otakasuka, ikani mwala kutayala, dikirani azizire okha, osawathira madzi.

Kuchokera pa Chitimba m'mphepete mwa nyanja pali msewu wakale wa Gorodi wokwera ku Livingstonia, makilomita pafupifupi 15, makona 20 opindika ngati chigongono, kukwera mamita oposa 700, mbali imodzi khoma la phiri, mbali inayo phompho. Unakumbidwa ndi manja kuchiyambi kwa zaka za m'ma 1900. Pamakona ena galimoto yaitali imayenera kubwerera m'mbuyo kuti ikhote, matayala ali m'mphepete mwa phompho. Minibasi yanu isapondeko. Isiyeni pa Chitimba mukwere magalimoto a konko, kapena muyende pansi m'mamawa, kapena mufunse za msewu wina wolowera mbali ya Rumphi. Pamwamba mudzapeza mishoni imene Dr Robert Laws anaikhazika pa Khondowe mu 1894, atasiya Cape Maclear ndi Bandawe chifukwa cha malungo, nyumba yake yamiyala imene lero ndi yosungiramo zakale, ndi mathithi a Manchewe ogwa mamita pafupifupi 125. Mufunsenso akuonetseni pabwalo pamene mu 1959, nthawi ya chipwirikiti, boma la atsamunda litafunsa ngati azungu a pamishoni akufuna kuthawitsidwa, anthu a pamenepo, akuda ndi oyera, anayala miyala yolemba Aefeso 2:14 kuti a m'ndege awerenge kuti sachoka. Mukafike mutawerenga vesilo.

Madalaivala akhale awiri, onse a ziphaso, ndipo amene agwire chiwongolero mawa asalawe mowa lero. Kabokosi ka mankhwala kakhale pamalo amene aliyense akudziwa: mabandeji, mankhwala a mutu ndi a m'mimba, Thanzi, ndi mankhwala a aliyense amene amamwa tsiku ndi tsiku, okwanira masiku oonjezera.

Iwe amene ukuti udzayendetsa, Loweruka likudzali ubweretse minibasiyo kunyumba kwanga m'mawa, itapakiridwa zonse. Pali kamtunda kaja kuseri kwathu kotsikira kudambo. Ndikufuna ndikuone ukuimika pamenepo, ukuika mwala, ukukweza jeke pathabwa ndi kusintha tayala lam'mbuyo wekha, anzako atapinda manja. Ukamaliza, tidzatsika nayo mu giya yachiwiri ine nditakhala pambali pako, phazi lako ndikuliyang'ana. Agogo anu aakazi ati mudzatengenso mabulangete awiri aubweya amene ali m'sutikesi, aja ndinkayenda nawo.